Jinja ndi Kuundana kwa Magazi: Kaphikidwe, Muyezo, ndi Nthawi Yoika Kapu Pansi

Alamu anga amakwera basi ya ku Joni pafupifupi mwezi uliwonse kukapikula mabulangete ndi nsapato zogulitsa ku Limbe. Ulendo wina anabwerako akutsimphina. Pofika mawa lake mwendo wakumanzere unali utatupa kuyambira m'bondo kutsika m'munsi, katumba ali gwa, ukagwira kuli kotentha ngati awotha mbaula. Tonse pakhomo tinati ndi kutopa kwa ulendo basi. Ine ndinatereka jinja wokwana kutsokomoletsa mudzi wonse, poti ndinali nditamva pa WhatsApp kuti amasungunula magazi. Apongozi nawo anatenga kansalu ndi madzi otentha n'kuyamba kuthowa mwendowo uku akusisita.

Tsiku lachitatu ululu utanyanya, tinapita nawo kuchipatala. Atawaunika mwendowo ndi makina, adokotala anati, "Mayi, mumtsempha umu muli magazi oundana. Kunyumba mwakhala mukuchitapo chiyani?" Titafotokoza, anapukusa mutu. "Mwapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Mwendo wotere sasisita. Magazi oundanawo amatha kunyotsoka n'kukatseka m'mapapo."

Jinja sindinamusiye, ndimamwabe m'mawa uliwonse. Kungoti tsopano ndikudziwa pomwe mphamvu zake zimalekezera. Ngati nanunso mukufuna kumamwa poganizira za magazi, ndondomeko yake nayi.

1. Musanagule, dziwani zimene jinja angathe

Kuundana kwa magazi pakokha si matenda. Mukadzicheka posenda chinangwa, magazi amaleka kutuluka chifukwa tizigawo ta m'magazi totchedwa mapulateleti timathamangira pabalapo n'kumatirirana, kenako tiulusi ta fibrin timaluka pamwamba ngati ukonde. Popanda zimenezi kabala kakang'ono kangathe kupha munthu. Vuto limabwera izi zikachitikira m'kati mwa mtsempha momwe mulibe bala, magazi n'kupanga mibulu ngati phala lophikidwa mothamanga.

Mibuluyi ilipo ya mitundu iwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri timasokoneza. Ina imapangika m'mitsempha yochotsa magazi kumtima, ndiyo imabweretsa sitiroko ndi kutsekeka kwa mitsempha ya mtima. Mu imeneyi mapulateleti ndiwo akuluakulu a zochitika. Ina imapangika m'mitsempha yobweza magazi kumtima, makamaka m'miyendo, magazi akamayenda mwaulesi. Ya alamu anga inali yotereyi, ndipo achipatala amaitchula kuti DVT. Mu imeneyi mwini nkhani ndi fibrin, mapulateleti ndi othandizira chabe.

Kuwawa kwa jinja kuja kumachokera ku gingerol, ndipo jinja akauma kapena akaphikidwa nthawi yaitali gingerol wina amasanduka shogaol, wowawa kuposa apo. Poyesa m'labu, zinthu ziwirizi zimachepetsa thromboxane, amene amaitana mapulateleti kuti amatirirane. Aspirin amagwiranso ntchito potseka njira yomweyi, kungoti iye amatseka mwamphamvu ndiponso modziwika muyezo wake. Mphekesera yoti jinja amachepetsa kuundana kwa magazi inachokera pamenepa, ndipo si yabodza kotheratu.

Koma m'thupi la munthu nkhani imasintha. Ku India mu 1997 anapatsa odwala mtima magalamu 4 a jinja waufa tsiku lililonse kwa miyezi 3, ndipo mapulateleti awo sanasinthe. Kusintha kunaoneka atawapatsa magalamu 10 nthawi imodzi, muyezo woti m'mimba simungakuthokozeni. Mu 2015 akatswiri ena anasonkhanitsa kafukufuku 8 woyesa jinja pa anthu: 4 anapeza kusintha, 4 sanapeze kanthu. Ndiye ngati jinja akuthandizako, akuthandiza pang'ono, komanso kumbali ya mapulateleti, osati kumbali ya magazi a m'mwendo.

Ndipo magazi akaundana kale, jinja sangawasungunule. Ngakhale warfarin amene amapereka kuchipatala sasungunula. Iye amangoletsa kuti mbuluwo usakule ndi kuti pasabadwe wina, pomwe thupi likuuphwanya lokha pang'onopang'ono kwa milungu kapena miyezi.

2. Onani kaye mankhwala amene ali pakabati panu

Jinja wothira mu ndiwo kapena kachidutswa mu tiyi savuta kwa anthu ambiri. Amene amafuna kusamala ndi jinja womwa ngati mankhwala, makapu angapo ochindikala tsiku ndi tsiku, kapena makapisozi aja ogulitsa m'mabotolo.

Ngati mukumwa warfarin, musayambe chizolowezi cha jinja musanafunse amene amakupatsani mankhwalawo. Warfarin ndi mankhwala osachedwa kupsa mtima. Akachepa magazi amaundana, akachuluka munthu amataya magazi, n'chifukwa chake amakuitanani kawirikawiri kukayezetsa INR, nambala yosonyeza kuchedwa kwa magazi kuundana, yomwe kwa odwala ambiri amafuna ikhale pakati pa 2 ndi 3. Pakhala odwala ena omwe INR yawo inakwera atayamba kudya jinja wambiri. Alamu anga tsiku lomwe anayamba mapiritsiwa anafunsidwa za jinja, adyo ndi mankhwala achikuda, ndipo anauzidwa kuti chachikulu n'kusasinthasintha kadyedwe mwadzidzidzi. Uzaninso achipatala ngati mukumwa mankhwala a TB, chifukwa rifampicin amafooketsa kwambiri warfarin.

Chimodzimodzi ngati muli pa aspirin wa tsiku ndi tsiku, clopidogrel, rivaroxaban kapena jakisoni wa heparin. Chimodzimodzinso ngati ndinu a gulu lija loti msana ukangoti tsu mwameza kale Brufen kapena diclofenac, chifukwa mapiritsi amenewa paokha amatha kuyambitsa kutaya magazi m'mimba. Ndipo musasiye mankhwala akuchipatala n'kuika jinja m'malo mwake. Zimenezi ndi zomwe zimabweza anthu kuwodi.

Amayi oyembekezera ambiri amathandizidwa ndi jinja pa nseru ya m'mawa, koma asapitirire galamu 1 patsiku, ndipo akanene kusikelo. Amene ali ndi tsiku la opaleshoni kapena lozula dzino asiye jinja wochuluka kutatsala milungu iwiri. Odwala shuga omwe ali pa mankhwala ayeze shuga wawo pafupipafupi masiku oyamba, poti jinja amatha kumutsitsako. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, kamfuno wobwerezabwereza, kapena msambo wochuluka kwambiri, ayambe akaonana ndi adokotala.

Ngati simuli m'magulu amenewa, tiyeni kumsika.

3. Kusankha jinja

Jinja sasowa mu Blantyre muno: msika wa Limbe, wa m'tauni, wa Ndirande, ngakhale pa timabenchi ta m'makwalala amamuika m'timilu pafupi ndi adyo ndi mandimu. Mukafika nenani kuti jinja. Ena amamutchula chikasu, koma dzinali limagwiranso pa tameriki, m'bale wake wofiirira m'kati uja, ndiye mungabwere ndi china.

Nyamulani chidutswa m'manja. Wabwino amalemera, ndi wolimba, khungu lake ndi losalala mwakuti chikhadabo chimalisupula mosavuta. Wokwinyika ndi wopepuka wakhalitsa padzuwa. Ine ndimapempha, "Mayi, ndithyoleko pang'ono ndione m'kati?" Nthawi zambiri amayankha kuti thyolani, bola musathyole mulu wonse. Akathyoka ndi kaphokoso, m'kati muli mwachikasu chowala ndipo fungo likulasa m'mphuno, gulani. Wofewa, wonyowa pamfundo kapena wochita nkhungu musiyeni ngakhale akuikireni basera.

Zakumwa za m'botolo zolembedwa ginger zisakupusitseni. Zambiri ndi shuga, mpweya ndi kafungo chabe. Masikono ndi maswiti a jinja nawonso ndi zosangalatsa pakamwa.

4. Kutsuka ndi kuphika

Jinja amakula m'dothi, ndipo dothi limabisala m'mphanda momwe zala zake zimakumana. Thyolani zalazo, mutsuke chilichonse pachokha ndi madzi oyera. Kusenda si kofunika ngati mwatsuka bwino. Mukafuna kusenda, palani ndi kasupuni ka tiyi m'malo mwa mpeni: supuni imachotsa khungu lokha, mpeni umapita ndi theka la ndalama zanu.

Dulani kachidutswa kofanana ndi mfundo yakumapeto ya chala chanu chachikulu. Kameneka kakwana makapu awiri. Kaduleni mopyapyala kapena kasinjeni m'kamtondo mpaka kaphwanyike. Wosinja amatulutsa ukali wambiri kuposa wodula, ndiye ngati mukuyamba kumene, dulani.

Ikani mu kapoto pamodzi ndi makapu awiri ndi theka a madzi ozizira. Madzi akabwadamuka, chepetsani moto, vindikirani, azingonyung'unya kwa mphindi 10. Pambaula ndimangopatula makala ena kapena kusunthira poto m'mbali. Kuvindikira n'kofunika, chifukwa fungo lomwe limadzaza khitchini lija ndi jinja wanu akuthawa ndi nthunzi. Mukapitirira mphindi 20 amawawa mwakuti mudzayamba kuthira shuga wambiri kuti mumeze, ndiye mwapindulanji?

Phulani, sefani, dikirani azizireko. Ndimu finyirani pomaliza, mu kapu, osati mu poto wowira. Ngati lilime likukana, thirani kasupuni kamodzi ka uchi. Ine ndinazolowera wopanda chotsekemera patatha sabata imodzi yokha. Zotsalira mu sefa musataye, ponyani mu nyemba kapena mu nkhuku ya madzulo.

Ngati muli ndi waufa, theka la kasupuni ka tiyi pa kapu ya madzi otentha ndi lokwana. Pamenepo ndi pafupifupi galamu 1. Vindikirani ndi sosala kwa mphindi 5. Waufa wopimidwa m'timapepala ta pamsika sudziwika zomwe wasakanizidwa nazo, n'chifukwa chake ndimakonda kupanga wanga.

5. Muyezo

Malire omwe akatswiri ambiri amapereka kwa munthu wamkulu ndi magalamu 4 patsiku, kuwerengera ndi wa mu ndiwo yemwe. Kwa waufa, amenewo ndi masupuni a tiyi awiri osadzaza mpaka kusefukira. Palibe chifukwa chofikira pamalirewo. Kapu imodzi m'mawa, ina madzulo ngati mukufuna, zakwana.

Yambani ndi kapu imodzi kwa masiku atatu kapena anayi, mutadya kanthu. Wopanda kanthu m'mimba jinja amamubweretsera chilungulira. Mukaona kutentha pamtima, kugeya kosaleka kapena kutsegula m'mimba, chepetsani kachidutswa. Mukaona nkhama zikutuluka magazi potsuka mano, kamfuno, mabala akuda pakhungu osadziwa komwe mwagunda, lekani ndipo mukanene kuchipatala. Chimbudzi chakuda bii ngati phula, masanzi a magazi kapena mkodzo wofiira sizodikira mawa.

Mwezi wa June ndi July, chiperoni chikaphimba Soche ndi Ndirande mpaka phiri osaoneka, muyezo umaiwalika. Fulasiki imangozungulira tsiku lonse. Tinazionanso kumayambiriro kwa 2021 Covid itavuta, pomwe nyumba iliyonse inkanunkhira jinja, adyo, mandimu ndi masamba a bulugama, ena mpaka m'mimba kuwotcha. Kuunjika jinja, adyo ndi tameriki mu poto mmodzi tsiku ndi tsiku n'kumene kumafuna kusamala kwambiri kwa munthu amene ali pa mankhwala aja ndatchula. Kukazizira, chulukitsani madzi mu fulasikimo, kachidutswa kakhale komweko.

6. Kusunga

Wosasenda amakhala milungu iwiri kapena itatu pamalo ouma, pamthunzi, podutsa mphepo. M'jumbo yomanga amachita thukuta n'kuola. Mu fuliza amakhala miyezi, ndipo wouma ndi chisanu amapalika bwino, bola magetsi asamazimezime mpaka kusungunuka n'kuumanso. Njira yodalirika ndi kumudula mopyapyala, kuyanika pa lichero mpaka azithyoka, kusinja, kusefa, n'kusunga m'botolo lotseka bwino.

Chidutswa chikayamba kuphukira maso, chibzaleni m'thumba la dothi losakaniza ndi manyowa mvula ikamayamba, pamthunzi pang'ono. Pakatha miyezi 8 mpaka 10 masamba amachita chikasu n'kuuma, ndiye mukumbe.

7. Chimene chimatetezadi miyendo

M'gawo ili jinja si mwini nkhani, koma ndi limene likanapulumutsa alamu anga.

Dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, anafufuza za magazi oundana m'zaka za m'ma 1850, ndipo mpaka lero ophunzira udokotala amaloweza zinthu zitatu zodziwika ndi dzina lake: magazi kuyenda pang'onopang'ono, mtsempha kuvulala, ndi magazi kukhala osachedwa kuundana. Pa zitatuzi, choyambacho chili m'manja mwanu. Magazi a m'miyendo amakwera chitunda kubwerera kumtima, ndipo chomwe chimawakankha ndi akatumba. Mukamayenda akatumba amafinya mitsempha ngati mjigo. Mukakhala duu, mjigowo waima.

Chiopsezo chimayamba kukwera munthu akakhala malo amodzi kupitirira maola 4. Ulendo wa Blantyre kupita ku Lilongwe wafika kale pamenepo. Nanji wa ku Johannesburg, wodzera Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, woposa tsiku lathunthu, pobwerera katundu ali mpaka pansi pa mpando, mawondo atapindika osatambasuka. Ambiri amadzimananso madzi dala poopa kuvutitsa adalaivala. Alamu anga anachita zonsezi, kuwonjezapo piritsi logonetsa kuti ulendo ufupike.

Ndiye mukamakonzekera ulendo wautali, chitani izi. Pogula tikiti pemphani mpando wa kunjira, osati wa pawindo, kuti muzitha kutambasula miyendo ndi kuimirira. Pansi pa mapazi pasakhale chikwama. Valani zomasuka, jinzi yothina m'chiuno ndi m'mawondo isiyeni m'chikwama. Theka la ola lililonse, zidendene zili pansi kwezani zala m'mwamba, kenako zala zili pansi kwezani zidendene, maulendo 20 kapena kuposa, ndipo muzimva katumba akugwira ntchito. Basi ikaima pa Zalewa, pa Ntcheu kapena pachipata, tsikani ndithu ngakhale simukufuna kugula kanthu, muzungulire basiyo kangapo. Imwani madzi. Mowa ndi mapiritsi a tulo ayi. Jinja mu fulasiki nyamulani ngati mumachita nseru pagalimoto, pamenepo ndiye amathandizadi.

Si apaulendo okha. Telala wokhala pamakina tsiku lonse, wa muofesi, wogulitsa pa okala, onse aziimirira ola lililonse n'kuyendako pang'ono. Ngati n'kotheka tsikani minibasi siteji imodzi musanafike kwanu. Zitunda za Blantyre timazidandaula, koma kwa akatumba ndi mankhwala aulere.

Pali anthu omwe chiopsezo chawo n'chachikulu kale: mayi woyembekezera ndi amene wangobereka kumene, makamaka milungu 6 yoyambirira ndiponso ngati anachitidwa opaleshoni; amene wathyoka mwendo ali m'chikhakha; wodwala wogonera pamphasa masiku ambiri; odwala khansa, TB kapena HIV; onenepa kwambiri; osuta fodya; amayi omwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen; ndi aliyense amene magazi anamuundanapo kale kapena zinachitikira m'bale wake wapafupi. Mayi ali m'chikuta timakonda kumuuza kuti agone, tizimuchitira zonse. Chikondi n'chabwino, koma muloleni aziyendayenda m'nyumba ndi pabwalo monga anamwino anenera. Wodwala amene sangadzuke muzimuthandiza kupinda ndi kutambasula miyendo kangapo patsiku. Anthu a m'magulu amenewa akamakonzekera ulendo wautali ayambe afunsa kuchipatala, chifukwa ena amafunika masokosi apadera othina kapena jakisoni.

Kumbali ya sitiroko, mdani wamkulu ndi BP. Kayezetseni, sizitenga mphindi zisanu pa chipatala cha Ndirande, Zingwangwa, Limbe, Bangwe kapena Chilomoni. Mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5 monga limalangizira bungwe la WHO, kasupuni kamodzi ka tiyi. Apa jinja ali ndi ntchito yomwe sindiikayikira: ndiwo zothira jinja ndi adyo zimakoma ngakhale mchere uchepe.

8. Mukaona izi, ikani kapu pansi

Mwendo umodzi ukatupa mnzake ali bwino, ukupweteka makamaka pa katumba, ukutentha kapena khungu lasintha mtundu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Miyendo yonse iwiri kutupa pang'ono m'mapazi mutatsika basi n'kofala ndipo kumaphwa mukagona. Choopsa ndi umodzi. Ngati mukukayika, tengani tepi ya telala muyeze akatumba onse awiri pamalo ofanana. Kusiyana kopitirira masentimita 3 ndi chizindikiro chomwe achipatala nawo amachiyang'ana, koma ululu ukakhalapo musadikire kuti afike pamenepo. Osathowa, osasisita, osatema mphini, osapaka jinja wosinja.

Munthu akayamba kubanika mwadzidzidzi, kumva kulasa m'chifuwa popuma, mtima kugunda mothamanga, kutsokomola magazi kapena kukomoka, pezani galimoto nthawi yomweyo mulunjike ku Queens kapena chipatala chachikulu chomwe chili pafupi, ngakhale pakati pa usiku. Zikhoza kutanthauza kuti magazi oundana afika m'mapapo.

Pakamwa pakapotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka, mawu akayamba kutuluka mokoka, imeneyo ndi sitiroko. Musamumwetse jinja, madzi, phala ngakhale aspirin. Pakhosi pa munthu wotere nthawi zambiri sipameza bwino, zakumwa zimalowera m'mapapo. Komanso sitiroko ina imabwera chifukwa mtsempha waphulika m'mutu, osati kutsekeka, ndipo ndi maso simungasiyanitse. Mugonekeni chammbali, onani nthawi yomwe zayambira, nyamukani.

Ponyamuka tengani kabuku ka kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse omwe wodwalayo akumwa, achikuda omwe. Adokotala akafunsa zomwe mwamupatsa kunyumba, nenani zonse, ndi kuchuluka kwake. Ife tsiku lija tinachita manyazi kutchula za jinja ndi kuthowa, mpaka apongozi ndiwo anaulula. Alamu anga anamwa warfarin miyezi ingapo, akupita kukayezetsa INR mwakabuku, ndipo anayambiranso maulendo awo adokotala atawalola. Masiku ano amafika msanga kokwerera basi kuti apeze mpando wa kunjira, ndipo mabulangete onse amapita kunsi kwa basi.